Anapiye amene anakana kukula mu kompyuta ya Achipewa

Kuseri kwa kampani yoswetsa anapiye, pakati pa sitolo ya chakudya cha nkhuku ndi chimbudzi cha antchito, kuli kachipinda kamene kale ankasungiramo matileyi a mazira. Muli tebulo limodzi, fani yopanda chivundikiro, ndi mpando woti ukakhalapo umakupendeketsa kumanzere ngati ukufuna kumva zimene akunena a chipinda chinacho. M'menemo ndi mmene Achipewa akhala zaka zisanu ndi zinayi akulemba mapulogalamu a kompyuta, malaya awo akununkha nkhuku ngakhale sanagwirepo nkhuku.

Satifiketi ya ntchitoyi alibe. Anayamba ngati wotayipa makalata kwa loya wina, mpaka loyayo anagula kompyuta n'kuwauza kuti aphunzire kapena azipita. Anaphunzira, kenako anapitirira muyezo. Buku limene anaphunziriramo analigula kwa ogulitsa mabuku akale, masamba makumi atatu oyambirira atathothoka, ndiye anthu oipa pakamwa amati n'chifukwa chake mpaka lero sadziwa kupereka moni. Moni anali m'masamba omwewo.

Chimene amadana nacho pa moyo wawo ndi kuchita chinthu kawiri. Ana awo atatu atawatopetsa ndi mafunso, anatenga choko n'kulemba mayankho pachitseko cha kuchipinda: "Sindinaione." "Kafunse amayi ako." "Ayi." Mwana akabwera ndi funso iwo amangoloza. Akazi awo amati mawu oti ndimakukonda anawamva kamodzi, chaka cha ukwati, ndipo akafunsa amayankhidwa kuti zinthu sizinasinthe, zikasintha adzauzidwa.

Kwa amene sanailowe, ntchito yawo ili chonchi. Pulogalamu ili ngati gulu la antchito ang'onoang'ono, aliyense ndi kantchito kake. Eni ake amawatcha mafankishoni. Wina umamupatsa nambala ya mlimi, iye n'kukuuza kuti anapiye amene mlimiyo anagula ali ndi masiku angati. Wina umamupatsa masikuwo, n'kukuuza katemera amene wakwana. Palinso wina amene Achipewa anamutcha kapitawo, woti payekha sagwira kalikonse. Umamupatsa mndandanda wa alimi ndi wantchito mnzake, iye n'kumayendetsa mnzakeyo pa mlimi aliyense mpaka mndandanda uthe. Lero umupatse wowerenga masiku, mawa wolemba mameseji, kapitawo sadandaula chifukwa thukuta si lake. Azimayi osankha anapiye atamva zimenezi anati kapitawoyo akumudziwa, ndi mwana wa Amadamu, eni kampani.

Koma chimene chinawapatsa dzina ndi timizere tina tatifupi, toyamba ndi kachizindikiro kopindika ngati nkhono, timene amalemba pamwamba pa fankishoni. Dzina lake ndi dekoleta, koma iwo ankati chipewa. Wantchito ukamuveka chipewa amagwira ntchito yake yomweyo, kungoti amawonjezera khalidwe lina. Chipewa china chimamuchititsa kulemba nthawi imene wayamba ndi imene wamaliza. China, netiweki ikavuta, chimamuchititsa kuyesanso katatu asanagonje. Ukasoka chimodzi umaveka antchito makumi awiri osalembanso kanthu, ndipo kwa munthu wodana ndi kubwereza chimenecho chinali chikondi chachiwiri.

Chimene ankachinyadira koposa chinali chipewa chokumbukira. Kompyuta ya kampani inali nkhalamba, ndipo m'mawa uliwonse kukonza mameseji a alimi zikwi zinayi kunkatenga nthawi yoti munthu n'kumwa tiyi, kutsuka kapu, n'kukangana ndi mnzake. Vuto linali loti wowerenga masiku uja ankafunsidwa funso lomwelo kambirimbiri. Wolemba meseji amufunse, wosankha katemera amufunse, wa lipoti amufunsenso, iye n'kumakafukula mafayilo ulendo uliwonse. Achipewa anamuveka chipewa choti akayankha kamodzi za mlimi wakutiwakuti, yankholo azilisunga, ndipo akafunsidwanso za mlimi yemweyo azingolitulutsa osawerenganso. Ntchito ya theka la ola inayamba kutha munthu asanakhale pansi bwinobwino. Amadamu, amene kuyamikira kumawavuta ngati kumeza mankhwala owawa, anawauza pamaso pa anthu kuti, "Inu ndiye simulakwa." Mawu amenewo Achipewa anawasunga m'malo mwa satifiketi.

Dandaulo lawo linali limodzi, magetsi. Jenereta inali ya makina ofungatira mazira okha. Mbali ya maofesi magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, ndipo akapanda kuzima okha, mlonda ankazimitsa pa swichi yaikulu anthu akaweruka. Zaka zitatu Achipewa anachonderera kuti kompyuta isamazime ngati mbaula. Mapeto ake Amadamu anaika sola ndi mabatire, kompyuta n'kulumikizidwa kumeneko. Tsiku limenelo Achipewa anapereka moni kwa anthu awiri.

Amene ankatumiza mamesejiwo anali Mlamu, mng'ono wa akazi awo. Pakampani ponse ankamutcha choncho, ngakhale madalaivala oti sali naye pa ubale uliwonse. Banja lake linatha, anatsala ndi ana awiri ndi chipinda cha lendi, ndipo ntchitoyi anamupezera ndi Achipewa. Inali yodina batani m'mawa, kuyang'ana mndandanda, kutumiza, kenako kuyankha mafoni a alimi. Kunena chilungamo, Mlamu sanali mngelo. Ankafika mochedwa, mndandanda ankauyang'ana ndi diso limodzi lina lili pa mavidiyo a pafoni, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko.

"Alamu, mwadzuka? Kapena ndikawerenge pachitseko?" ankatero akamadutsa pakachipinda kaja.

"Wachedwa."

"Ndachedwa kuti ndikupatseni mpata muzilankhula ndi akazi anu achiwiriwo."

Patatha masiku khumi ndi limodzi sola ataikidwa, Lolemba m'mawa, mlimi wina anafika pageti ndi ndowa yovundikira ndi thumba. Sanafune mpando. Anaika ndowa pakati pa ofesi ya Amadamu n'kuvundukula. Munali anapiye akufa, ndipo anati kunyumba wasiya ena ambiri akusinza. Kenako anatulutsa foni. Tsiku lililonse ankalandira meseji yoti anapiye ake ali ndi masiku naini.

"Ine sindinapite patali kusukulu, mayi, koma mwanapiye sakhala ndi masiku naini kwa masabata awiri. Ndimadikira meseji ya katemera wa matenda a gumbolo ngati mmene munatiuzira. Sinabwere. Gumbolo ndiye wabwera."

Pofika masana mafoni anali atachuluka. Wina anapiye ake anaima pa masiku atatu, wina pa masiku twente. Amadamu anaitana Mlamu.

"Ukutumiza mndandanda wakale. Ukungobwereza wa tsiku lomwelo kuti uthamangire pafoni pako."

"Ndimadina pomwe ndimadina masiku onse, Madamu."

"Mndandandawo umauwerenga?"

Mlamu anayang'ana pansi, chifukwa sankauwerenga.

Lachiwiri Amadamu anauza Achipewa kuti aone ngati vuto lili mu kompyuta. Iwo anachita zimene aliyense wa ntchito yawo amachita asanaganize n'komwe: anatseka pulogalamu, n'kuitsegulanso, kenako n'kuifunsa. Anapiye a bambo wa ndowa uja, masiku twente-wani. Anayesa alimi ena khumi, akuwerengera pa kalendala ndi chala. Onse ndendende. Anapita ku ofesi mtima uli m'malo.

"Pulogalamu ili bwino, Madamu. Ndayesa."

Sananame. Koma mawu amenewo ndi amene anamaliza Mlamu. Amadamu anati Lachisanu likhale tsiku lake lomaliza, apereke makiyi a kabati.

Lachitatu Mlamu anafika isanakwane seveni, chinthu chimene mlonda akuchikambabe. Anaima pakhomo la kachipinda kaja osaseka.

"Alamu, tabwerani ndi maso anu anayiwo."

Anawatengera pa sikirini yake, n'kutambasula dzanja. Pachikhatho anali atalemba ndi bolopeni nambala ya bambo wa ndowa ndi 21.

"Izi ndinalemba dzulo inu mutayesa. Dzanja ili sindinalisambe, ana akundiseka. Lero ndadina inu mukuona. Tawerengani apo."

Pa sikirini panali 21.

Achipewa anadziwa kuti lero panayenera kukhala 22. Sanafunikire kutsegula fayilo iliyonse, anaona zonse ali chiimire. Chipewa chokumbukira chinkasunga yankho poyang'ana nambala ya mlimi yokha. Za tsiku sichinkafunsa. Ukachifunsa za mlimi yemweyo mawa, mkuja, mwezi wamawa, chinkatulutsa yankho lomwe lija chifukwa kwa icho funso silinasinthe. Zaka zonsezi chinkapulumuka chifukwa zosungazo zimafufutika kompyuta ikazima, ndiye m'mawa uliwonse inkadzuka itaiwala n'kuwerenga mwatsopano. Amene ankakonza cholakwika chawo tsiku ndi tsiku anali mlonda ndi swichi yake. Sola amene anamulirira zaka zitatu ndi amene anaimitsa anapiye. Ndipo dzulo, potseka ndi kutsegula pulogalamu, anafufuta umboni ndi manja awo.

"Mwina ndi netiweki," anatero.

"Netiweki."

"Ndiona."

Anabwerera m'kachipinda n'kutseka chitseko. Kukonza kwake kunali kochititsa manyazi kuphweka. Anasokanso chipewacho kuti chizisunga yankho poyang'ana nambala ya mlimi pamodzi ndi tsiku, tsiku likasintha chiziwerenga mwatsopano. Mizere itatu. Anayesa, zinayenda. Mameseji a tsiku limenelo anapita olondola.

Kenako anakhala pa mpando wopendekeka uja n'kuyamba kuganiza zimene munthu sanena mokweza. Vuto latha. Palibe wina pakampani amene angawerenge mizere imeneyo. Amadamu aona kuti Mlamu atangoopsezedwa zinthu zalongosoka, ndipo nkhani ithera pomwepo. Akakaulula, mwana wa Amadamu alipo, amene chaka chonse wakhala akunena kuti agule pulogalamu yopangidwa kale ndi anthu a mapepala awo, asiye kudalira bambo wotayipa makalata. Munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, wopanda satifiketi, angakagogode pati? Mlamu ndi wamng'ono, ali ndi pakamwa, apeza pena. Komanso akanakhala kuti amawerenga mndandanda, bwenzi ataona tsiku lachiwiri lomwe. Mfundo imeneyi anaikonda kwambiri, anaibwereza kangapo, iwo amene sabwereza.

Madzulo pa chakudya akazi awo anayamba nkhani ali kugawira ana.

"Abambo, Loweruka mundithandize kutulutsa makatoni anu a mawaya m'chipinda chaching'onocho."

"Chifukwa?"

"Mng'ono wanga ndi ana ake agona kuti? Lendi aisiya. Wamkaziyo agona ndi atsikana anzake, wamwamunayo pabalaza."

"Sizinafike pamenepo."

"Zafika. Inu simunanene kuti kompyuta ili bwino? Ndiye wolakwa ndi iyeyo. Inenso ndamukalipira, ndati alamu ako salakwa, Amadamu ananena okha."

Achipewa anatafuna kwa nthawi yaitali chinthu chosafuna kutafuna.

"Mwasiya bwanji? Sichinapse?"

"Chapsa."

"Idyani. Loweruka kuli kunyamula."

Lachinayi lonse sanatuluke m'kachipinda. Mlamu anadutsa kawiri osanena kanthu, ndipo kusalankhula kwakeko kunawapweteka kuposa chipongwe chake chonse cha zaka zitatu. Masana anamuona pawindo akupukuta kapu yake ya tiyi n'kuiika m'chikwama pamodzi ndi chithunzi cha ana chimene chinkakhala pa tebulo.

Lachisanu m'mawa anavala malaya oyera a kutchalitchi. Anagogoda kwa Amadamu, amene anali pafoni, mwana wawo atakhala pambali akusewera ndi makiyi a galimoto.

"Madamu, ndikupempha mubwere kuchipinda kwanga. Pali choti muone."

"Nenani pompano."

"Ndikanena simumva. N'zofunika maso."

Amadamu anali asanalowemo m'kachipindamo chiyambire. Anaima pakhomo atagwira mphuno, anakana mpando. Mwana wawo anasuzumira paphewa. Achipewa anabwezeretsa chipewa chakale chija, n'kufunsa za bambo wa ndowa.

"Masiku twente-folo. Ndi zoona, lero ndi twente-folo. Tsopano ndikuinamiza kompyuta kuti lero ndi mawa." Anasintha tsiku, n'kufunsanso. "Onani."

"Twente-folo."

"Ndikuiuza kuti papita mwezi."

"Twente-folo. Yapenga?"

"Sinapenge, ikuchita zimene inauzidwa. Kamzere aka kamaiuza kuti ikayankha kamodzi isawerengenso. Kale inkaiwala ikazima usiku. Chibwerere sola sinazime, ndiye sinaiwale. Mlamu akanadina ndi chala chilichonse, zikanatuluka zomwezi."

Anachotsa kamzereko, n'kufunsa. Nambala inalumpha. Amadamu anasiya kugwira mphuno.

"Anaika kamzereko ndani?"

"Ine."

"Anandiuza Lachiwiri kuti kompyuta ili bwino ndani?"

"Ine. Tsiku limenelo ndinkaona ngati ili bwino."

"Munadziwa liti kuti sili bwino?"

Apa panali pothawira. Akanatha kunena kuti dzulo madzulo, palibe akanatsutsa.

"Lachitatu m'mawa."

"Lero ndi Lachisanu."

"Eya, Madamu."

Mwana wa Amadamu anatsegula pakamwa kuti ayambe za pulogalamu yogula ija, koma amayi ake anakweza dzanja osamuyang'ana.

"Masiku awiri mwakhala mukundiyang'ana ndikuchotsa mayi wa ana awiri. Mlamu wanu weniweni."

Amadamu anapitiriza osadikira yankho.

"Mtsikanayo akhala. Koma mndandanda aziuwerenga mokweza ndikumva, mpaka nditatopa. Inu, kuyambira lero chilichonse mwalemba azichiona munthu wina, ndimupeza ine, ndipo musandiuze kuti sakudziwa kanthu. Za pulogalamu yogula tikambirana mwezi ukatha, sindikulonjezani chilichonse." Anatembenuka kuti azipita, n'kuimanso. "Alimi amene katemera anawadutsa ndi angati?"

"Handiredi sikisite-thuu."

"Adokotala a ziweto akunyamuka ndi galimoto teni koloko, ayenda nawo onse. Mupita nawo. Muzikagwira anapiye iwo akudontheza mankhwala, ndipo pakhomo lililonse mukanene ndi pakamwa panu kuti wolakwa ndi inu, osati mtsikana amene akhala akumutukwana pafoni. Muyambire kwa bambo wa ndowa."

Mawu omwewo, makomo handiredi sikisite-thuu. Azimayi osankha anapiye, amene anamva zonse kudzera pakhoma la sitolo, amati pamenepo ndi pamene nkhope ya Achipewa inagwa kwenikweni.

Teni koloko anali pageti, malaya oyera aja atapisira m'thalauza, kumapazi atavala majombo obwereka, limodzi lalikulu kuposa linzake. Mlamu anatuluka ndi mapepala a mndandanda, mlimi aliyense atamuchonga ndi bolopeni. Anawapatsa osawayang'ana kumaso.

"Ndawerengera ndekha pa kalendala. Kompyuta yanuyo sindikuikhulupirira."

"Wachita bwino." Anakanda kukhosi. "Mlamu, ine Lachitatu lija..."

"Ndikudziwa. Munati netiweki, kenako mwadzitsekera, kenako manambala ayamba kuyenda. Mumaona ngati ndine mwanapiye? Ndinakawauza achemwali tsiku lomwelo, inu musanafike kunyumba."

Achipewa anayang'ana majombo awo.

"Ndiye za makatoni zija..."

"Ine ndimafuna kukanena kwa Amadamu Lachinayi m'mawa, dzanja langa losasamba lili umboni. Achemwali anandigwira. Anati mwamuna wangayo ndimamudziwa, amachedwa koma amafika, umupatse mpaka Lachisanu. Ine ndinati safika."

"Ndikanapanda kufika?"

Mlamu anawayang'ana koyamba sabata imeneyo, kuyambira kumajombo mpaka kumagalasi. Adokotala a ziweto analiza hutala.

"Kwerani galimoto, alamu. Katemera akutentha."